AKATSWIRI AMAYAMBA APANGA MPHEPO ASANAMANGE

MVULA yoyamba ikamayandikira, m'miyezi ya October ndi November, pali cinthu cimodzi cimene mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi amaciopa koposa mphezi. Kumwamba kumada bii, mpweya umaima duu, kenaka fumbi limanyamuka ndipo mphepo imafika mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Mphindi zisanu zokha zimakwanira. Pofika m'mawa ana amapeza malata ali m'munda wa eni ace, mapaso ali lende, mabuku atanyowa.

Anthu akasonkhana kudzaona cionongekoco amanena kuti mphepo inali yaukali, ndipo nkhani imathera pomwepo. Mafunso a mainjiniya ndi ena. Inali yaukali motani? Inaomba kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo inagunda mbali iti ya denga? Nanga cifukwa ninji nyumba yoyandikana nayo, yofoleredwa ndi malata a mtundu womwewo, inatsala yosakhudzidwa? Mayankho a mafunso otere akhala akufunidwa kwa zaka zoposa 140, ndipo ena anapezeka anthu atataya miyoyo. Lero lino, asanamange ulalo waukulu kapena nyumba yosanja yaitali, akatswiri amayamba apanga mphepo yaoyao, m'cipinda coyeseramo kapena m'kompyuta, nkuiombetsa pa cifaniziro ca cimene afuna kumanga.

Mphepo imamenya nkhonya

Munthu woima pabwalo nthawi ya mkuntho amadzimvera yekha kuti mphepo siimkankha monga momwe akankhira ngolo. Imammenya, nkumsiya, nkumdzera cakumbali, nkuleka kanthawi, kenaka nkufika ndi ukali woposa poyamba. Cifukwa cace ncakuti mpweya poyenda umakhulana ndi nthaka, mitengo, zulu, mapiri ndi nyumba, ndipo umasweka kukhala mafunde ozungulira osawerengeka, monga acitira madzi a Luangwa podutsa pa miyala. Mafunde ena ngaakulu ngati mudzi wathunthu ndipo amatenga mphindi kuti adutse. Ena ngaang'ono ngati licero ndipo amatha m'kuphethira kwa diso. Cipwirikiti cimeneci ndico Angerezi amacicha turbulence.

Ncifukwa cace a za nyengo salemba nambala imodzi yokha. Cipangizo cao coyezera liwiro la mphepo cimaikidwa pa mlongoti wa mamita 10 pamalo oyera, kawirikawiri pa bwalo la ndege, ndipo amalemba ziwiri: liwiro lapakati pa mphindi 10, ndi kuomba kwaukali kwa masekondi atatu okha. Pamalo oyera kuomba kwa masekondi atatuko kumaposa liwiro lapakati ndi pafupifupi theka lace. Mphepo yolembedwa kuti inali ya makilomita 60 pa ola ikhoza kukhala kuti inali ndi nkhonya za makilomita 85 kapena 90.

Kusiyana kumeneku si kwakung'ono, pakuti liwiro likawirikiza kawiri mphamvu ya mphepo imawirikiza kanai. Mphepo ya makilomita 100 pa ola, m'mbali mwa nyanja yamcere, imatsamira pa khoma ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 48 pa sikweya mita iriyonse, ndiye kuti pafupifupi thumba limodzi la simenti. Ku Lusaka, kumene kuli pamtunda wa mamita oposa 1,200 ndipo mpweya ngopepukirapo, kulemerako kumatsikira ku makilogalamu 40 ndi pang'ono. Padenga zinthu zimatembenuka. Mphepo siipanikiza malata pansi. Imawayamwa, kuwakokera kumwamba monga inyamulira phiko la ndege.

Palinso cinthu cacitatu, cimene cinabvuta akatswiri koposa zonse. Comangidwa ciriconse cacitali, kaya ndi ulalo, nyumba yosanja kapena mlongoti wa wailesi, ciri ndi kagwedezeke kacekace. Mwana wa pa katungwe safuna munthu wanyonga kuti afike m'mwamba; mnzace wamng'ono angathe, malinga amkankhe pa nthawi yoyenera ulendo uliwonse. Momwemonso mphepo yapakatikati, nkhonya zace zikamafika mogwirizana ndi kagwedezeke ka nyumba, ingaononge koposa mphepo yaikulu yoomba mosagwirizana.

Maphunziro atatu owawa

Usiku wa pa 28 December 1879 sitima yonyamula anthu inalowa pa ulalo wa mtsinje wa Tay ku Scotland mkuntho uli pakati. Ulalowo, wotalika makilomita oposa atatu, unali utangogwira nchito caka ndi theka. Cigawo cace capakati cinagwera m'madzi pamodzi ndi sitimayo, ndipo sipanapulumuke munthu. Anafa anthu osacepera 59. Ofufuza anapeza kuti ulalowo unakonzedwa, kumangidwa ndi kusamalidwa molakwika, ndiponso kuti injiniya wace, Sir Thomas Bouch, sanawerengere mphepo mokwanira. Zitatero ku Britain kunaikidwa lamulo lakuti maulalo a njanji azipirira mphepo yolemera makilogalamu pafupifupi 270 pa sikweya mita. Ulalo wa Forth, wotsegulidwa mu 1890, unamangidwa motsata muyeso umenewu, ndipo mpaka lero sitima zimadutsapo. Njirayi inali yosabvuta kuimvetsa: kuonjeza citsulo. Koma inali yodula, ndipo inkaona mphepo ngati katundu wongokhala phee.

Kulakwika kwa ganizo limeneli kunaonekera ku America, m'cigawo ca Washington. Ulalo wa Tacoma Narrows, wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, unatsegulidwa pa 1 July 1940. Pakati pa nsanamira zace ziwiri panali mamita 853, koma mseu wace unali wa mamita 12 okha m'lifupi, wochingidwa m'mbali ndi zitsulo zogwirana za mamita 2.4 zosalola mpweya kudutsa. Ciyambire kumangidwa unali kudumphadumpha, kotero kuti anthu anaupatsa dzina lacipongwe lakuti Galloping Gertie. Pa 7 November caka comweco, mphepo iri pa makilomita pafupifupi 65 pa ola, mseu unayamba kupotokola, mbali iyi ikukwera inayo ikutsika, ndipo patapita ngati ola limodzi unathyoka nkugwera m'madzi. Sipanafe munthu, kupatula galu amene anatsala m'galimoto. Profesa F. B. Farquharson wa pa University of Washington analipo, ndipo zithunzi za kanema zojambulidwa tsikulo zimaonetsedwabe kwa ophunzira za uinjiniya.

Codabwitsa cinali cakuti mphepo ya tsikulo inali yocepa kutalitali poyerekeza ndi imene ulalowo unawerengeredwa. Kupotokola kwa mseu ndiko kunkasintha kayendedwe ka mpweya, ndipo mpweyawo unkaonjezera kupotokolako, zinthu ziwiri kudyetsana mpaka citsulo kulephera. Ulalo wolowa m'malo mwace, wa 1950, unayamba wayesedwa pa zifaniziro m'cipinda coombetsera mphepo.

Owerenga amene anaolokapo Zambezi pa Chirundu adziwa ulalo wakale wa Otto Beit, nawonso wolenjekeka pa zingwe. Unatsegulidwa mu 1939, caka cimodzi ngozi ya ku Tacoma isanacitike, koma pakati pa nsanamira zace pali mamita 322 okha. Ndipo a ku Eastern Province amene amadutsa pa ulalo wa Luangwa wa 1968 angakonde kudziwa kuti kampani imene inaukonza, Freeman Fox and Partners, inali m'gulu lokonza ulalo wa Severn ku Britain, wotsegulidwa mu 1966. Kumeneko cifaniziro coyamba cinathyoka mwangozi poyesedwa, ndipo podikira cina mainjiniya anayesako kaumbidwe kena konga phiko la ndege. Kanapezeka kuti nkopepuka ndiponso kokhazikika pa mphepo, ndipo maulalo ambiri aatali a masiku ano amatsata kaumbidwe kameneko.

Phunziro lacitatu linakhudza kuyesa kweni kweniko. Pa 1 November 1965, pa malo opangira magetsi a Ferrybridge ku Yorkshire, nsanja zitatu mwa zisanu ndi zitatu zoziziritsira madzi, iriyonse ya mamita 114, zinagwa ndi mphepo. Cifaniziro cinali citayesedwa ndithu, koma cinali ca nsanja imodzi yoima payokha. Pamalopo nsanjazo zinali m'mizere iwiri, ndipo mpweya wopanikizika podutsa pakati pa za kutsogolo unakamenya za kumbuyo. Zimene zinagwa zinali za kumbuyozo. Ofufuza anaonanso kuti okonza anadalira liwiro lapakati osalabadira nkhonya za mphepo.

Ngalande ya mphepo

Cipinda coombetsera mphepo, cimene m'Cingerezi ndi wind tunnel, ndi ngalande yaitali yofoleredwa, yokhala ndi zikupizo zamagetsi kumapeto kwace. Zoyambirira zinapangidwira ndege, ndipo eni ace ankayesetsa kuti mpweya uziyenda mosalala, pakuti ndege imauluka m'mwamba kutali ndi mitengo. Omanga nyumba atabwereka ngalande zimenezi anabwereka pamodzi ndi mpweya wosalalawo, umene kulibe pansi pano.

Amene anaonetsa poyera kulakwa kumeneku ndi Martin Jensen wa ku Denmark. Iye anayeza mphamvu ya mphepo pa kanyumba keni keni pabwalo, nkuyerekeza ndi zimene zinatuluka pa cifaniziro cace m'ngalande, ndipo anapeza kuti zinagwirizana pokhapokha pansi pa ngalandeyo patakhala pokhakhala mofanana ndi nthaka yozungulira kanyumbako. Mu 1958 analengeza lamulo limene latsatidwa kufikira lero, lakuti mphepo yoyesera iyenera kukhala ndi cipwirikiti cofanana ndi ca mphepo ya pamalo pamene padzamangidwe.

Munthu amene dzina lace limachulidwa koposa pa nchito imeneyi ndi Alan Davenport. Anabadwira ku Madras m'dziko la India mu 1932, anakulira ku South Africa, ndipo mu 1961, ali pa University of Bristol, anatulutsa njira yowerengera nkhonya za mphepo mwa masamu a mwai, m'malo mongoganizira nambala imodzi. Mu 1965 anatsegula ngalande yace pa University of Western Ontario, mu mzinda wa London wa ku Canada. Caka ca 1964 iye, pamodzi ndi Jack Cermak wa pa Colorado State University, anali atayesa kale zifaniziro za nyumba ziwiri za World Trade Center za ku New York, zomwe zija zinagwetsedwa ndi zigawenga mu 2001.

Mlendo wolowa m'ngalande yotere amaona ngati malo osewerera ana. Polowera mpweya pamaima matabwa osongoka, ndipo pansi, kwa mamita makumi angapo, pamayalidwa timabokosi mazanamazana. Nchito yace ndi kuswa mpweya kuti pofika kumapeto ukhale wofooka pansi, wamphamvu m'mwamba ndi wodzala mafunde, monga ukhalira utadutsa pa minda kapena pa mzinda. Kumapetoko kuli thebulo lozungulira, ndipo pamenepo pamamangidwa cigawo conse ca mzinda, nyumba iriyonse pamalo pace, pa muyeso wocepetsedwa ka 300 kapena ka 500. Nyumba ya Findeco ya mu Cairo Road, imene ndi ya mamita 90, pa muyeso wa 1 kwa 400 ingakhale ya masentimita 22 ndi theka, yofupikira rula ya mwana wa sukulu.

Cifaniziro ca nyumba yoyesedwayo cimaboolewa timabowo mazana angapo, ndipo kabowo kalikonse kamalumikizidwa ndi kapaipi ku cipangizo colemba kukankha kapena kuyamwa kwa mpweya kambirimbiri pa sekondi. Thebulo limatembenuzidwa pang'onopang'ono, kawirikawiri madigiri 10 ulendo uliwonse, mpaka mphepo itaomba kucokera mbali zonse 36. Ngakhale nthawi imacepetsedwa. Ngati kukula kwacepetsedwa ka 400 ndipo liwiro kanai, ola lathunthu la mkuntho limatha m'masekondi 36.

Panali funso limodzi limene ngalande siikanayankha: kodi munthu wokhala m'nyumba yosanja angapirire kugwedezeka kocuruka motani asanacite nseru kapena mantha? Mu 1965 okonza World Trade Center anakonza cipinda coyenda pa makina mu mzinda wa Eugene ku Oregon, nacibisa ngati ofesi ya dokotala wa maso. Anthu anaitanidwa kudzapimidwa maso kwaulere, ndipo ali mkati cipinda cinayamba kugwedezedwa iwo osadziwa. Macitidwe otere sangabvomerezedwe lero, koma anaonetsa kuti anthu amamva kugwedezeka msanga koposa momwe akatswiri ankaganizira.

Mphepo ya manambala

Ngalande ndi yodula, ndipo maiko okhala nazo ngowerengeka. Pali zomangidwa zinanso zimene kagwedezeke kace nkobvuta kukatsanzira pa kacifaniziro. Apa mpamene kompyuta inalowera. Koma kodi cinthu cosakhazikika ngati mphepo, cimene sicibwereza kaombedwe kace, cingalembedwe bwanji m'manambala?

Yankho lingamveke bwino kwa munthu amene anamverapo ng'oma za gule ali patali. Cimene cimafika m'khutu ndi mkokomo umodzi wosokonekera, koma wodziwa angausiyanitse: apa gunda wa mau aakulu, apa mpanje, apa mbalule, iriyonse ndi kamvekedwe kace ndi kaimbidwe kace. Akatswiri anapeza kuti kaombedwe ka mphepo nakonso kangagawidwe m'mafunde ambirimbiri osalala, ena aatali oyenda pang'onopang'ono, ena aafupi othamanga. Ndipo ngakhale mkuntho wa lero sufanana ndi wa dzulo, gawo la mphamvu limene liri m'mafunde aatali ndi limene liri m'mafunde aafupi silisintha kweni kweni pa malo a mtundu umodzi. Theodore von Kármán analemba kagawidwe kameneka m'masamu mu 1948. Davenport anatulutsa kace mu 1961, ndipo J. C. Kaimal ndi anzace, atayeza mphepo pa nsanja ya mamita 32 m'minda ya ku Kansas mu 1968, anatulutsa kena mu 1972 kamene kagwiritsidwabe nchito kwambiri.

Amene anaonetsa njira yobwerera m'mbuyo, yopangira mphepo kucokera ku kagawidweko, ndi Masanobu Shinozuka, wa ku Japan, amene ankaphunzitsa pa Columbia University ku New York. M'zolemba zace za 1971 ndi 1972 anafotokoza kuti kompyuta ipatsidwe mafunde zikwi zingapo, lirilonse ndi mphamvu yace monga mwa kagawidwe kaja, koma poyambira pa funde lirilonse pasankhidwe mwa maere. Mafundewo akaphatikizidwa pamatuluka mndandanda wa manambala wonena liwiro la mphepo pa kacigawo kalikonse ka sekondi. Mkuntho umenewu sunaombepo kwina kulikonse pa dziko lapansi, komabe uli ndi makhalidwe onse a mkuntho weni weni. Maere akacitidwanso pamatuluka mkuntho wina, wosiyana koma wa banja lomwelo.

Cobvuta cacikuru ndi cakuti ulalo kapena nsanja sizimenyedwa pamalo amodzi. Mfundo ziwiri zotalikirana mita imodzi zimamva pafupifupi nkhonya imodzimodzi, pamene zotalikirana mamita 200 zimamva zosiyana, kupatula mafunde aakulu okha amene amakuta zonse ziwiri. Motero kompyuta iyenera kupanga mphepo ya mfundo makumi kapena mazana nthawi imodzi, zoyandikana zikufanana kwambiri, zotalikirana zikufanana pang'ono. Injiniya akalakwitsa apa nkuganiza kuti nkhonya imafika paliponse nthawi imodzi, amaononga ndarama pa citsulo cosafunika. Akacepetsa kufananako, amamanga cinthu cofooka. Apa mpamenenso pali cinsinsi ca malata. Ulalo ngwaukulu, ndipo timafunde tating'ono timafafanizana pa utali wace wonse. Lata limodzi ndi laling'ono, ndipo kafunde kakang'ono kaukali kangalikute lonse.

Mphepo ya manambalayo ikapangidwa imaombetsedwa pa cifaniziro ca nyumba cimene naco ciri m'kompyuta, ndipo injiniya amaona mmene nsanamira iriyonse ndi mfundo iriyonse ikubvutikira, sekondi ndi sekondi. Mkuntho umodzi sukwanira, pakuti maere angakhale atakomera nyumbayo. Opanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, mwacitsanzo, amalamulidwa ndi miyeso ya maiko onse kuyesa mikuntho yosacepera isanu ndi umodzi ya mphindi 10 pa liwiro lirilonse. Pulogalamu yochedwa TurbSim, yocokera ku bungwe la boma la America limene linkachedwa National Renewable Energy Laboratory, imapanga mphepo yotere ndipo imaperekedwa kwaulere; wophunzira wa uinjiniya pa University of Zambia angaiyendetse pa kompyuta wamba.

Pali njira inanso yolemera koposa, imene kompyuta imagawa mpweya wozungulira nyumba m'timabokosi mamiliyoni, nkuwerenga kayendedwe ka mpweya m'kabokosi kalikonse. Imeneyi imafuna makompyuta amphamvu kwa masiku angapo, ndipo pa zomangidwa zikuruzikuru mainjiniya ambiri amafunabe kutsimikiza zotsatira zace m'ngalande. Nyumba ya Burj Khalifa ku Dubai, ya mamita 828, yotsegulidwa mu 2010, inayesedwa m'ngalande maulendo oposa 40. Kaumbidwe kace kamasintha pokwera kuti mafunde a mphepo asagwirizane, ndipo pulani yonse inatembenuzidwa madigiri 120 cifukwa ca zimene kuyesako kunaonetsa.

Injiniya amene anadziulula

Nkhani ya nyumba ya Citicorp ku New York, ya mamita 279, yomalizidwa mu 1977, imaonetsa kulemera kwa manambala amenewa pa mapewa a munthu mmodzi. Pa ngondya ina ya malowo panali chalichi ca St. Peter, motero injiniya William LeMessurier anaika nsanamira zinai zazikuru pakati pa mbali za nyumbayo m'malo mwa m'ngondya. Mu June 1978 funso la wophunzira wina wa pa yunivesite linamcititsa kuwerenganso mphamvu ya mphepo yodzera ku ngondya, ndipo anapeza kuti zitsulo zina zikanalemedwa koposa ndi magawo 40 pa 100 alionse. Anali atamvanso kuti pomanga, mfundo za zitsulozo zinamangidwa ndi mabauti m'malo moocherera, pofuna kucepetsa mtengo.

Anapita ku Canada kukafunsa a ngalande ya Davenport, ndipo atabwerera anakhala yekha ndi manambalawo. Monga mwa kuwerenga kwace, ngati magetsi akanazima nkuimitsa cimwala ca matani 400 cimene cinaikidwa pamwamba kuti cicepetse kugwedezeka, mkuntho wa mtundu wofika kamodzi pa zaka 16 ukanatha kugwetsa nyumbayo pakati pa mzinda. Akanakhala cete palibe akanadziwa. Iye anakauza eni nyumba. Kuyambira mu August amisiri ankalowa usiku, anchito a m'maofesi ataweruka, kuocherera zitsulo zocindikala masentimita asanu pa mfundo zoposa 200. Kuciyambi kwa September namondwe wochedwa Ella analunjika ku New York nchito iri pakati, koma anakhotera kunyanja. Nyuzipepala zazikuru za mumzindawo zinali pa sitalaka, ndipo nkhani yonse inadzadziwika mu 1995.

Pamapeto pace pali cina cofunika kucidziwa. Mu 2019 akatswiri a bungwe la boma la America loona za miyeso, la NIST, atabwereza kuwerengako ndi njira zatsopano, anapeza kuti pa nyumba imeneyo mphepo yoomba molunjika pa khoma inali yoopsya koposa yodzera ku ngondya. Izi sizicepetsa ulemu wa LeMessurier, amene anacita monga mwa zimene zinadziwika pa nthawiyo. Zingoonetsa kuti mphepo yopangidwa si mau otsiriza. Bungwe lomweli, pofufuza za World Trade Center, linapeza kuti ngalande ziwiri zochuka zimene zinayesa nyumba zomwezo mu 2002 zinasiyana pa zotsatira zao mpaka magawo 40 pa 100.

Mphepo ya mabingu

Davenport ankafanizira nchito yonseyi ndi unyolo wa mphete zisanu: mphepo ya dera, maonekedwe a nthaka yozungulira, kaumbidwe ka nyumba, kagwedezeke kace, ndi malire amene anthu abvomereza. Mphete imodzi ikalephera zinazo sizithandiza. Kwa maiko onga Zambia mphete yodetsa nkhawa ndi yoyambayo. Kompyuta ingapange mikuntho cikwi, koma iyenera kuuzidwa kukula kwa mphepo ya pamalopo, ndipo nambala imeneyo imacokera ku zolemba za zaka zambiri za a za nyengo. Mainjiniya kawirikawiri amamangira mphepo ya zaka 50. Mauwa amasokoneza ambiri. Satanthauza kuti mphepoyo idzadikira zaka 50. Atanthauza kuti caka ciriconse pali mwai umodzi pa 50 wakuti ifike, ndipo pa zaka 50 za moyo wa nyumba mwai wakuti ikumane nayo ndi pafupifupi magawo 64 pa 100.

Kuonjezera apo, masamu a Davenport ndi anzace anamangidwa pa mikuntho ya kumaiko ozizira, imene imaomba kwa maola ambiri kucokera mbali imodzi. Namondwe wonga Idai, amene anasasula madenga ku Beira mu March 2019, nayenso amaomba nthawi yaitali, koma amafooka akalowa kumtunda. Mphepo imene imasasula masukulu muno ndi ya mtundu wina. Imabadwa m'mtambo wa mabingu, pamene mpweya wozizira ugwa pansi ngati madzi okhuthulidwa m'ndowa nkumwazikira mbali zonse. Tetsuya Fujita wa pa University of Chicago ndiye anaifotokoza bwino, atafufuza ngozi ya ndege imene inagwa potera ku New York mu June 1975. Mphepo imeneyi imakhala yaukali pafupi ndi nthaka, imatha m'mphindi zocepa, ndipo imakuta makilomita owerengeka okha, kotero kuti ingaononge mudzi cipangizo ca pa bwalo la ndege osalemba kanthu.

Kutsanzira mphepo yotere ndiyo nchito imene akatswiri ali nayo kalikiliki. Mu 2013 yunivesite ya Davenport ija inatsegula cipinda ca ngondya zisanu ndi imodzi cochedwa WindEEE Dome, ca zikupizo 106, cokhoza kupanga kabvumvulu ndiponso mphepo yogwa kucokera kumwamba. Ku Florida International University kuli cipupa ca zikupizo 12 zimene zimafika makilomita pafupifupi 250 pa ola, ndipo kumeneko amayesa madenga eni eni, ndi misomali yace yeni yeni, mpaka atasasuka.

Zimene zapezeka m'malo otere zimakhudza mmisiri wa ku Katete monga zikhudzira wa ku Miami. Kuyamwa kwa mphepo sikufanana padenga ponse: m'mphepete, pamsonga ndiponso makamaka m'ngondya kumaposa kwa pakati kawiri kapena katatu, ndipo mpomwe lata loyamba limatukuka. Likatukuka limodzi mphepo imapeza pogwira, ndipo ena amatsatira. Khomo kapena zenera likatseguka ku mbali yocokera mphepo, mpweya umadzaza m'cipinda nkukankha denga kucokera pansi pamene wa kunja ukulikoka kucokera pamwamba. Denga lotsetsereka mbali zonse zinai limapirira koposa la mbali ziwiri, ndipo khonde lotuluka patali limapatsa mphepo cogwirira.

Kalasi ya mamita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali iri ndi denga la masikweya mita 80. Pa mphepo ya makilomita 100 pa ola kukoka kwa denga lonselo kungapose matani atatu, pamene malata ndi matabwa ace pamodzi nthawi zambiri salemera kufika pamenepo. Cotsalaco ciyenera kutsika kudzera m'misomali kupita m'mitanda, kucoka m'mitanda kupita m'mapaso, ndi kucoka m'mapaso kudzera m'waya kapena citsulo comangirira kulowa m'khoma, mizere ingapo ya njerwa pansi pa denga. Kumene wayayo anangokoledwa pa mzere wa pamwamba, denga limapita pamodzi ndi njerwa zace.